Potumiza wodwala ku chipatala chachikulu, lembani funso lanu

Dokotala wa matenda a m'kati mwa thupi, amene amaona akuluakulu odwala mtima, impso, chiwindi, mapapo ndi shuga, kawirikawiri amalandira munthu atagwira kapepala kongoti "muoneni ndi kumuthandiza". Anzanga a m'zipatala zing'onozing'ono, kapepala kotereka n'kumutaya wodwala. Inu mwakhala naye miyezi. Dokotala uja akumuona koyamba, panja pali mzere.

Yambani ndi chimene chakukanikani. Mukalemba kuti BP sikutsika ngakhale munthu akumwa mankhwala a mitundu 3, kuphatikizapo okodzetsa, ndiye kuti mwamuuza dokotala poyambira: afufuze impso, afunse ngati mapiritsiwo akumwedwadi. Mukangoti "BP", iye ayambiranso pamene inu munayambira kalekale.

Pa mankhwala m'pamene ambiri timachita ulesi, chonsecho m'pamene pagona ngozi. Lembani dzina la mankhwala alionse, mlingo wake ndi tsiku limene anayamba kumwa. Funsaninso za amene amadzigulira yekha ndi azitsamba, mofatsa, chifukwa mukafunsa mokalipa akubisirani. Munthu amene amamwa diclofenac kapena ibuprofen tsiku ndi tsiku chifukwa cha msana akhoza kuwononga impso, ndipo mankhwala omwewa amakweza BP. Wa shuga amene impso zake zafooka mpaka eGFR (nambala yosonyeza m'mene impso zikusefera magazi) kutsika pansi pa 30 sayeneranso kumwa metformin. Wa HIV amene ali pa dolutegravir akayamba mankhwala a TB, rifampicin amene ali m'mankhwala a TB-wo amachepetsa mphamvu ya dolutegravir m'magazi, n'chifukwa chake amapatsidwa 50 mg kawiri pa tsiku m'malo mwa kamodzi. Dokotala angazigwire bwanji zonsezi ngati kalata yangoti "akumwa mankhwala"? Muuzeni wodwala anyamule mabotolo ndi mapaketi omwe, ngakhale amene atha.

Zotsatira za kulabu muzilemba ndi madeti ake. Nambala imodzi ya creatinine (zonyansa za m'magazi zimene impso zimasefa) siinena zambiri, koma zitatu za miyezi yotsatizana zimaonetsa ngati impso zikufooka pang'onopang'ono kapena zadzidzimuka sabata ino, ndipo chithandizo chake n'chosiyana.

Wodwala wakayakaya musamukweze ambulansi musanamuthandize ndi zimene muli nazo. Shuga akatsika pansi pa 3.9 mmol/L, kwezani shugayo pomwepo. Okosijeni m'magazi akatsika pansi pa 90 peresenti, mpweya uyambe musananyamuke. Amene mukumuganizira sitiroko, lembani nthawi yeniyeni imene anaoneka ali bwino komaliza, poti mankhwala osungunula magazi oundana, kumene alipo, amaperekedwa pasanathe maola 4 ndi theka. Imbani foni kutsogolo kuti akamudikire, ndipo apite ndi namwino, osati dalaivala ndi achibale okha.

Wodwalanso amve chifukwa chimene akutumizidwira. Ena akamva zoti apite ku chipatala chachikulu amangoti basi kwawathera, kalatayo n'kuipinda, osapita. Muuzeni abwereze ndi pakamwa pake kumene akupita, tsiku lake ndi chimene akukayezedwa.

Ndilankhulenso kwa madokotala olandira, poti nawonso ali ndi mlandu. Kubweza wodwala popanda kalata ya yankho n'kumumana maphunziro mnzanu amene anamutumiza. Dokotala William Osler, atayamba ntchito pa chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore, ku America, mu 1889, anatchuka ndi kuphunzitsira ophunzira udokotala pambali pa bedi la wodwala m'malo mongowadyetsa mawu m'kalasi. Mnzanu wa kutali sangaime nanu pa bedipo, ndiye kalata yanu ndiyo imuphunzitse: mwapeza chiyani, mwasintha mankhwala ati ndipo chifukwa chiyani, ayezenso chiyani ndi liti, zizindikiro ziti zikaoneka amubwezenso msanga. Amene wawerenga kamodzi chifukwa chimene munasiyitsira metformin adzayeza impso za wodwala wotsatira osadikira kuuzidwa.

Inu otumiza, khalani ndi kaundula wa onse amene mwatumiza, tsiku ndi chifukwa chake. Pakapita milungu 2 osamva kanthu, imbani foni mufunse ngati anafika. Kamodzi pa mwezi khalani pansi ndi anzanu, mutenge makalata amene abwera ndi mayankho, muyerekeze zimene munkaganiza ndi zimene dokotala anapeza.