Momwe mungayendere panjinga m'minda ya mpesa ya Stellenbosch, Franschhoek ndi Paarl

Amalawi ambiri amene tili kuno ku Cape Town njinga timangoidziwa ngati chopitira kuntchito. Komatu makilomita pafupifupi 50 kuchokera mumzindawu kuli dera la mapiri ndi minda ya mpesa, kumene alendo ochokera ku Ulaya amalipira ndalama zochuluka kuti akapalaseko njinga. Inunso mutha kuyendako, ndi njinga yanu yomweyo, bola ikhale yoti ikhoza kukwera phiri ndi kutsika phiri. Ulendo umene ndikufotokoza pano ndi wozungulira: kuyambira ku Stellenbosch, kupita ku Franschhoek, kudzera ku Paarl, n'kubwerera ku Stellenbosch. Ndi makilomita pafupifupi 90, ndipo munthu wosafuna kudzipweteka augawe masiku atatu.

Choyamba, sankhani mwezi

Nyengo ya kuno ndi yosemphana ndi ya kwathu. Mvula imagwa nthawi yozizira, makamaka Juni mpaka Ogasiti, ndipo imabwera ndi chisanu cholowa m'mafupa. Mu Januwale ndi Febuluwale dzuwa limaswa mtengo, moti ku Paarl kutentha kumapitirira madigiri 35. Miyezi yomweyi ndiyonso ya chimphepo chochokera kum'mwera chakum'mawa chija amachitcha Cape Doctor, chimene chikakuwombani kumaso mumapalasa ngati mukukwera mtunda pamalo a see. Ndi nthawinso yokolola mphesa, choncho m'misewu mumadzaza mathirakitala okoka ngolo. Ine ndimakonda Epulo, masamba a mpesa akayamba kufiira, kapena Okutobala minda ikamaphukira.

Chachiwiri, njinga

Njinga yopanda magiya, ngati zija za kabaza, ndi yolimba ndipo imasenza katundu, koma ulendo uwu isiyeni kunyumba. Mukufunika ya magiya, ndipo chofunika si kuchuluka kwa magiyawo ayi. Yang'anani giya yopepukitsitsa. Kachitsulo ka mano kakang'ono ka kutsogolo kakhale kofanana kapena kocheperapo poyerekeza ndi kakakulu ka kumbuyo. Njinga zambiri za mountain bike zili kale choncho, ngakhale zakalekale.

Ngati mukugula yogwiritsidwapo kale ntchito, samalani. M'magulu ogulitsirana zinthu pa intaneti mumapezeka njinga zabwino pamtengo wodabwitsa, ndipo zina mwa izo ndi zakuba. Itembenuzeni, muone nambala imene inadindidwa pachitsulo cha pansi, pakati pa mapedulo. Ikakhala yofufutidwa kapena yopakidwa penti yatsopano, chokanipo. Wogulitsa wokana kulemba dzina lake papepala, kapena wofuna kuti mukumane pakona ya msewu madzulo, musiyeni. Ife alendo m'dziko lino tikagwidwa ndi njinga yakuba, nkhani yake sithera panjingapo. N'chifukwa chakenso pasipoti ndi pepala la chilolezo chokhalira m'dziko zizikhala m'thumba lanu, mutazikulunga m'pulasitiki.

Chipewa chotetezera mutu ndi lamulo kuno, kuyambira 2004. Misewu ikuluikulu ya N1 ndi N2 njinga sizololedwa, ndiye kuti mukafike ku Stellenbosch gwirizanani ndi mnzanu wa kagalimoto ka katundu, musonkherane ya mafuta. Pitani anthu awiri kapena atatu. Kulandidwa njinga pamsewu kumachitika, makamaka munthu akakhala yekha m'bandakucha kapena kukamada.

Katundu mangani pakaliyala, osati kumsana. Machubu awiri, zigamba ndi guluu, pampu, masipanala aang'ono, mabotolo awiri a madzi, ndi jekete yopyapyala. M'mbali mwa misewu muli timinga touma timene eni dera amatitcha duwweltjie, tobowola chubu ngakhale tayala litakhala latsopano. Musamakankhe njinga m'maudzu mukapatuka kukapuma.

Chachitatu, Helshoogte

Nyamukani m'mamawa. Stellenbosch ndi tauni yakale, inayamba mu 1679, ndipo msewu wa Dorp uli ndi nyumba zoyera ndi mitengo ikuluikulu ya oak yoti muione musanatuluke. Mukatero gwirani R310. Mukangotha nyumba za m'tauni, mtunda wa Helshoogte wayamba. Msewu ndi wotakasuka, koma galimoto zimathamanga, choncho khalani kumanzere kwenikweni ndipo muziyenda mondondozana.

Ikani giya yopepuka mtunda usanakuthineni, chifukwa mukasintha mutaponda kale mwamphamvu tcheni chimalumpha kapena kuduka kumene. Khalani pachishalo, miyendo izizungulira mwachangu koma mopepuka. Ngati simungathe kuyankha mnzanu akakulankhulani, ndiye kuti mwafulumira. Pamwamba pali minda ya Tokara ndi Delaire Graff, ndipo mukatembenuka mumaona chigwa cha Banhoek chitazunguliridwa ndi mapiri a miyala. Kutsika kwake n'kosavuta. Mudzadutsa Pniel, mudzi umene unayamba ngati mishoni mu 1843 kuti mukhale anthu amene anamasulidwa ku ukapolo, kenako Boschendal, munda wa m'chaka cha 1685. Pamphambano khoterani kumanja pa R45 mpaka ku Franschhoek.

Malo ogona ku Franschhoek ndi odula kwambiri, musadabwe. Funsani malo omanga matenti kapena nyumba zogona anthu ambiri chipinda chimodzi, ndipo pewani kumapeto kwa sabata. Buledi, nthochi ndi nsomba za m'chitini gulani m'golosale. Mbale imodzi ya m'malesitilanti a mumsewu waukulu itha kudya ndalama ya tsiku lonse.

Chachinayi, Franschhoek Pass, ndipo apa werengani mofatsa

Kumapeto kwa tauni kuli chipilala chokumbukira a Huguenot, Afalansa amene anathawa kwawo chifukwa cha chipembedzo n'kudzakhazikika m'chigwachi mu 1688. Pomwepo msewu umakhota n'kuyamba kukwera phiri, makilomita pafupifupi 7, mpaka pamalo okwera kupitirira mamita 700. Si mbali ya njira yozungulira ija, mumakwera n'kubwerera, koma amene wafika ku Franschhoek asalephere kukwerako. Katundu siyani kumene mwagona. Anyani amakhala m'mbali mwa msewu, musawapatse chakudya ndipo musatsegule chikwama pamaso pawo.

Aliyense amaopa zokwera. Komatu pokwera ukatopa umangotsika n'kumakankha, palibe chimene chawonongeka. Potsika m'pamene pali ngozi, ndipo ine zinandionekera pomwepa.

Ulendo usanafike ndinapititsa njinga kwa wokonza wina kuti asinthe mphira za mabuleki. Anandionetsa paketi ya dzina lodziwika, ndinalipira mtengo wa dzinalo, koma zimene anaika zinali zina. Mumsewu wa m'tauni zinkagwira bwinobwino. Pa Helshoogte zinangolira pang'ono. Potsika Franschhoek Pass, nditadutsa makona angapo, ndinayamba kumva fungo la mphira wopserera. Ndikafinya, chogwirira cha buleki chinkabwera mpaka kugunda handulo, njinga osachepetsa liwiro, ndipo kutsogolo kunali kona ina yokhota ngati chigongono. Ndinatsitsa phazi n'kumakhulitsa nsapato pansi, kwinaku ndikufinya ndi mphamvu zonse, mpaka ndinalowa pamalo a miyala pamene galimoto zimaima anthu akamajambula. Nditayang'ana, mphira zija zinali zitasalala n'kumanyezimira, limu litadetsedwa ndi phala lakuda, ndipo linali lotentha moti chala sichikanakhalapo. Mtunda wotsalawo ndinautsika wapansi, njinga ili pambali, miyendo ikunjenjemera.

Ndiye chitani izi. Mphira za mabuleki gulani nokha m'shopu ya njinga yodziwika, paketi yake yosatsegula, ndipo muimirire pomwepo pamene akuziika. Zenizeni mtengo wake ndi wokwererapo, koma sufika n'komwe pa chakudya chimodzi chamasana ku Franschhoek. Mphira yabwino ukaidina ndi chikhadabo imalowa pang'ono, yachinyengo imakhala gwa ngati pulasitiki. Timizere take tizioneka bwino. Mukafinya buleki mwamphamvu, pakati pa chogwirira ndi handulo pazitsala mpata wolowa chala. Onaninso waya: kalusi kamodzi kakaduka pafupi ndi bawuti, sinthani waya yense. Limu lipukuteni, lisakhale ndi mafuta. Mukatha zonsezi, kayeseni pamtsetse wa pafupi ndi kwanu mutamanga katundu yense, osati pabwalo la nyumba.

Katsikidwe kakenso kali ndi nzeru yake. Buleki ikamagwira, liwiro lonse limasanduka kutentha, ndipo kutenthako kumalowa m'limu. Munthu wamantha amafinya pang'onopang'ono osasiya kuchokera pamwamba mpaka pansi, limu osapeza mpata wozizira. Mapeto ake mphira imasungunuka, mwinanso chubu chimaphulika chifukwa mpweya wam'kati watentha. Finyani mwamphamvu kwa kanthawi, liwiro litsike ndithu, kenako tayani kuti mphepo iziziritse. Chepetsani liwiro musanalowe pakona, osati muli kale m'kati mwake. Buleki ya kutsogolo ndiyo imaimitsa njinga kwambiri, ndiye dziwiranitu kuti ili kudzanja liti, chifukwa njinga zimasiyana. Poifinya sendezani thupi kumbuyo kwa chishalo, manja olimba, ndipo muzigwiritsa ntchito zonse ziwiri. Pakati pa phiri imani, mukhudze limu ndi kunja kwa chala. Likatentha, khalani pansi mumwe madzi. Amene muli ndi mabuleki a disiki musadzione ngati mwapulumuka: nawonso amatentha n'kusiya kugwira, ndipo chitsulo chakecho musachikhudze n'komwe, chimawotcha khungu.

Chinanso, msewu uwu amaukonda a njinga zamoto ndi a galimoto zothamanga, makamaka Lamlungu m'mawa. Ena amadula makona. Musayandikire mzere wapakati ngakhale msewu uoneke wopanda kanthu.

Chachisanu, za vinyo

Pafupifupi munda uliwonse uli ndi chipinda cholawitsira. Mumalipira pang'ono, amakuthirirani mitundu ingapo, ndipo ena salipiritsa mukagula botolo, choncho funsani musanakhale pansi. Lawani pinotage, mphesa ya konkuno imene Abraham Perold anaipanga ku Stellenbosch mu 1925 pokwatitsa mitundu iwiri ya mpesa. Patebulo pamakhala kachidebe kolavuliramo. Kagwiritseni ntchito, palibe amene angakudabweni. Vinyo, dzuwa ndi mtsetse siziyendera limodzi, ndiye ngati mukufuna kumeza, dikirani mufike kogona. Amene simumwa, malo ambiri ali ndi madzi a mphesa osaledzeretsa, ndipo madzi akumwa amakudzazirani m'botolo mukapempha mwaulemu. Botolo la vinyo musagule tsiku loyamba, n'lolemera kupitirira kilogalamu.

M'mindamu mumagwira ntchito anthu ambiri ochokera kutali, Amalawi anzathu ali momwemo. Mukawapeza akudulira mpesa m'mbali mwa msewu, apatseni moni. Iwo ndi amene amadziwa njira yachidule ndi malo oti musadutseko, kuposa mapu a pafoni.

Chachisanu ndi chimodzi, Paarl ndi kubwerera

Bwererani pa R45, mukafika ku Wemmershoek khoterani kumanja pa R301. Njirayi ndi ya see. Imani pachipata cha ndende ya Drakenstein, imene kale inkatchedwa Victor Verster, pamene Nelson Mandela anatulukira pa 11 Febuluwale 1990. Chiboliboli chake chili pomwepo. Ku Paarl gonani, ndipo ngati miyendo ikadali ndi mphamvu kwerani kukaona chimwala chachikulu chili pamwamba pa tauniyo.

Tsiku lomaliza dzerani ku Klapmuts, mugwire R44 yolowera ku Stellenbosch. Ndi zitunda zing'onozing'ono zotsatizana, galimoto n'zambiri, ndipo mphepo ikayamba masana imawomba kumaso, ndiye nyamukani dzuwa likungotuluka. Kanonkop, munda wotchuka ndi pinotage, uli m'njira yomweyi. Botolo lija gulani pamenepo, mulikulunge m'jekete n'kulimanga pakaliyala, poti kwatsala makilomita ochepa kuti mulowe m'tauni.