Mwapuma pantchito? Nayi njira yoyambira kujambula ndi penti

Anzathu ambiri akapuma pantchito amathamangira kuweta nkhuku kapena kugula minibasi. Koma ngati mtima wanu unali pa zojambula kuyambira kupulayimale, nthawi yake ndi ino, ndipo simufunika kuthera penshoni yonse.

Yambani ndi pensulo ndi kope lopanda mizere. Jambulani zimene mukuziona pakhomo: mtondo, ndowa, mdzukulu ali m'tulo. Dzanja likamasuka, gulani penti wa acrylic, mitundu isanu yokha: wofiira, wachikasu, wabuluu, woyera ndi wakuda. Inayo mudzasakaniza nokha. Chigwereni kwacha mu November 2023 timachubu tinakwera mtengo koopsa, koma musatengeke ndi totchipa ta m'mbali mwa msewu. Tina mukafinya mumangotuluka madzi, tina tinauma kalekale. Wogulitsa akakana kuti mutsegule kamodzi, chokanipo.

Tsopano felemu, matabwa okokerapo nsalu imene mudzapentepo, ndipo apa mundimvetsetse. Chithunzi changa choyamba chachikulu chinawonongekera pamenepa. Kalipentala wina anandikhomera felemu ya matabwa aawisi, n'kunditsimikizira kuti ndi ouma. Nyengo yotentha itafika matabwawo anapindika, ngodya imodzi inatukuka pakhoma, nsalu inachita makwinya pakati penipeni pa nkhope imene ndinaivutikira. Mtima unandiwawa kwambiri. Choncho thabwa linyamuleni kaye: laliwisi limalemera komanso limazizira m'manja. Pemphani paini wouma bwino. Felemu ikatha, igonekeni pansi pa simenti, ngodya zonse zinayi zigunde pansi. Kenako tengani chingwe muyeze mopingasa kuchokera ngodya ina kufika inzake podutsa pakati pa felemu, mbali zonse ziwiri ngati X. Zikasiyana, musalipire. Felemu ikakhala yaikulu, aikepo thabwa lina pakati loigwira.

Nsalu gulani yokhuthala ya thonje. Poikoka yambirani pakati pa mbali imodzi, khomani, pitani mbali yoyang'anana nayo, kokani, khomaninso. Ngodya zikhale zomalizira. Mukaigogoda ndi chala izilira ngati ng'oma. Musapentepo isanakonzedwe, imamwa penti wanu yense. Gesso, penti woyera wokonzera nsalu, ndi wodula komanso wosowa, ndiye ambiri timasakaniza penti wa PVA woyera wa m'nyumba ndi guluu wa matabwa pang'ono. Pakani kawiri kapena katatu, iume pamthunzi, kenako ipaleni pang'ono ndi sandipepa.

Popenta yambani ndi zakumbuyo, zakutsogolo pambuyo. Mabulashi tsukani nthawi yomweyo, acrylic akaumirapo ndiye kuti mwataya.

Mukapeza mpata pitani ku Kungoni, ku Mua m'boma la Dedza, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Mukaone mmene amisiri akumeneko amasemera ndi kujambula za chikhalidwe chathu, mudzabwerako manja akuyabwa. Zogulitsa musafulumire nazo. Zoyambazo pachikani pabalaza, zina jambulani pafoni muike pa WhatsApp, ofuna adzakufunsani okha mtengo.