Pakhomo panga: mchenga kunja, matumba oyamwa madzi m'kati

Msana ndi umene unandichititsa kuyesa matumba oyamwa madzi potchinga madzi osefukira kuti asalowe m'nyumba. Thumba la mchenga limalemera makilogalamu 15 mpaka 20, ndipo kulinyamula usiku mvula ikukhuthuka si masewera.

Komabe mchenga sindinautaye, chifukwa sugwedezeka chisawawa. Thirani mpaka theka la thumba kapena kupitirira pang'ono. Mukalidzaza mpaka kukamwa limauma gwa ngati mwala n'kusiya mipata, madzi amangodutsa. Yambani mwaphimba chitseko ndi pepala la pulasitiki, m'munsi mwake mugone pansi kuti matumba alipsinje. Kukamwa kwa thumba pindirani pansi, sanjani ngati njerwa, lapamwamba litseke polumikizana awiri apansi, ndipo mzere uliwonse muupondeponde. Matumba a mchenga apulasitiki samvana ndi dzuwa: anga ndinawasiya pabwalo miyezi ingapo, pokawanyamula anangong'ambika m'manja.

Oyamwa madzi aja m'kati mwake muli ufa wa sodium polyacrylate, womwe uja wa m'matewera otaya a ana. Louma silikwana n'kilogalamu imodzi yomwe, mulu wonse umakwana m'kabati. Mukaliviika limamwa malita pafupifupi 20 m'mphindi zochepa n'kufufuma ngati pilo.

Apa m'pamene ndinapusa ulendo woyamba. Ndinawayala ouma pakhomo, ndimvekere adzamwa okha madzi akafika. Madziwo anabwera mwamkokomo, awiri n'kuyandama ulendo wa kumpanda, ine ndikuwathamangitsa ndi tochi. Muziyamba mwawaviika m'beseni la madzi abwino, kenako n'kusanja. Madzi amchere sawafufumitsa mokwanira. Ndipo ngakhale atakhuta, kulemera kwake n'kwa madzi omwewo, choncho madzi akuya kapena othamanga amawakankha mosavuta. Mchenga sungatero.

Ndiye masiku ano kunja, kumene madzi amawomba mwamphamvu, ndimasanja mchenga mizere itatu. M'kati mwa chitseko ndimagoneka oyamwa aja kuti atole zimene zalowerera, pakuti palibe thumba limene limatsekeratu. Limodzi ndimalisungira potulukira madzi a m'bafa, chifukwa nthawi zina madzi amabwerera kudzera m'mapaipi.

Madzi akaphwa valani magolovesi. Matumba onsewo amakhala atamwa zonyansa za m'zimbudzi ndi mafuta, ndiye mchenga umenewo musaupereke kwa ana kuti aziseweretsa, ndipo ufa wofufumawo musauthire m'paipi, ungaitseke.