Kumangirira zoikamo ndodo pa boti yowedza mokoka nyambo

Ncheni ikagwira nyambo boti ikuyenda, mphamvu yonse imathera pamalo pomwe choikamo ndodo chamangiriridwa. Ndiye ntchito yaikulu ili pa kamangidwe, osati pa mtengo wa chipangizocho.

Pa boti ya mamita 5 kapena 6, zoikamo zinayi ndi zokwanira. Ziwiri zikhale m'mbali, china kumanja china kumanzere, zitapendekera kunja pafupifupi madigiri 30 kuti zingwe zitalikirane. Ziwiri zinazo zikhale kumbuyo, zoloza komwe boti yachokera, kutali ndi injini kuti chingwe chisakulungike pa pulopela. Musanaboole, khalani pomwe mumakhala poyendetsa, mutambasule dzanja. Ndodo yomwe simungaifikire osaimirira ili pamalo olakwika, ndipo pa nyanja ya Malawi, mwera ukauka mu June kapena July, kuimirira m'boti yaing'ono n'kuika moyo pachiswe.

Ngati zogula m'sitolo zadula, paipi ya PVC ya mamilimita 50 imagwira ntchito. Dulani masentimita 30, mucheke mpata pamwamba woti phazi la chokulungira chingwe lilowemo ndodo isamazungulire, ndipo pansi pakhale potseguka kuti madzi azituluka.

Tsopano pomanga. Pisani dzanja pansi pa mphepete mwa boti kaye, mufufuze ngati padutsa paipi ya petulo kapena mawaya. Gwiritsani ntchito mabawuti osachita dzimbiri a mamilimita 6, odutsa mpaka kuseri, okhala ndi wasala ndi nati. Masikuluwu okha amazuka: kugwedera kwa injini kumakulitsa bowo pang'onopang'ono, tsiku lina nsomba ikakoka, choikamo, ndodo ndi chokulungira zonse zimamira pamodzi. Kuseriko ikani kathabwa kolimba kapena kachitsulo kophwatalala kuti mphamvu ifalikire. Pa boti ya matabwa mangirirani pa nthiti, osati pa thabwa la m'mbali. Pa boti ya faibala matani tepi pomwe mukuboola kuti utoto usang'aluke, kenako pakani silikoni m'bowo musanamange nati, apo ayi madzi amalowa n'kuwoletsa thabwa la mkati. Pa ya aluminiyamu ikani mawasala a pulasitiki pakati pa mabawuti ndi aluminiyamuyo kuti zitsulo ziwirizi zisadyane.

Mukamaliza, lowetsani ndodo, mukoke chingwe ndi mphamvu kumbali. Choikamo chikagwedera ngakhale pang'ono, mangani kachiwiri.

Pamadzi, zingwe za m'mbali zitulutseni kutali, mamita 30 mpaka 40, za kumbuyo zikhale zazifupi, mamita 15 mpaka 20. Zikakhala zofanana zimapotana mukangokhota. Yendani pang'onopang'ono, makilomita 3 mpaka 5 pa ola, ndipo pokhota zungulirani patali, chifukwa nyambo ya mbali yomwe mukukhotera imafooka n'kutsika, ndipo pamiyala ngati ya ku Cape Maclear imakola pansi nthawi yomweyo.

Buleki ya chokulungira musaimange kwambiri. Ilole chingwe kutuluka mphamvu ikafika gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu yomwe chingwecho chimadukira. Ndodo iliyonse ikhalenso ndi kachingwe kake ka mita imodzi komangirira ku boti.