Momwe mungapangire kamfuti ka mpweya ka nsungwi, kopanda gasi

Sabata yathayi mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa zaka 13, anabwera akuthamanga foni ili m'manja, akuti amalume taonani iyi, tipange yathu. Inali vidiyo ya pa TikTok, munthu wina wa kunja akupanga mfuti ndi mapaipi a pulasitiki ndi gasi, akuombera zitini zikubooka. Ndinaionera mpaka pamapeto kenako ndinamuuza kuti iyi ayi, pakhomo pano sitipanga.

Chifukwa changa nchoti gasi akayaka malo otsekeka sasankha kothawira, paipi ya pulasitiki ija ikalephera kupirira imasweka tizidutswa takuthwa ndipo nkhope ya woomberayo ndi imene imakhala pafupi kuposa china chilichonse. Komanso chinthu choti chikuboola chitini ndiye kuti chingathe kuboola diso kapena khosi la mwana wa aneba. Pamwamba pa izo lamulo la mfuti la dziko lino silola munthu kungodzipangira mfuti pakhonde popanda chilolezo, za gogodela zija nonse mukudziwa kuti zimathera ku polisi. Ndiye za gasi musayembekezere kuti ndilemba pano.

Koma nkhope ya mnyamata uja inagwa, ndipo ine ndinamumvetsa, chimene ankafuna ndi kupanga chinthu ndi manja ake chimene chikulira komanso chikuponya kanthu patali. Apa mpomwe ndinakumbukira kamfuti kathu ka nsungwi komwe agogo aamuna anatiphunzitsa tili ana cha ku Bembeke, kogwiritsa mpweya womwe tikupumawu basi, zipolopolo zake mapepala onyowetsa kapena mbatatesi. Tinapanga Loweruka masana ndipo pofika madzulo ana a mzere wathu wonse anali pabwalo. Ndiye nayi njira yake.

Nsungwi yake ikhale yotani

Apa mpamene pagona nkhani yonse ndiye musathamange. Nsungwi zambiri zachikuda zomwe anthu amalukira madengu ndi malichero zimakhala ndi bowo laling'ono kwambiri, zina zilibe nkomwe makamaka kumunsi kwa tsinde. Inu mufune ya bowo loti pensulo ikulowa bwinobwino kapena kachala kakang'ono ka mwana, titi masentimita 1 kapena kuchepera pang'ono. Ikhale yowongoka, yokhwima, youma pamthunzi. Yaiwisi imagwira ntchito tsiku loyamba koma ikamauma imafota nkung'aluka, pamene youmitsitsa yofumbwa ndi anankafumbwe a nsungwi imataya mpweya m'timabowo ting'onoting'ono. Muiyang'anitse padzuwa, mukaona kamng'alu ngakhale kochepa ngati tsitsi isiyeni, funani ina.

Zina zofunika nzoti muli nazo kale: kasowo ka mano ang'onoang'ono kodulira zitsulo kaja, mpeni wakuthwa, sandipepa, kamtengo kowongoka kolimba, mphira wa chubu chakale cha njinga, nyuzi zakale kapena makope otha, ndi kambale ka madzi. Ngati kwanu nsungwi yabwino ikusowa, paipi yoyera ya mawaya a magetsi ya mamilimita 20 yomwe amagulitsa mu mahadiweya a pa boma imachita, koma imeneyo imafuna mbatatesi osati pepala chifukwa bowo lake ndi lalikulu.

Kudula

Dulani pakati pa mfundo ziwiri kuti mupeze chubu chotseguka mbali zonse, kutalika masentimita 25 mpaka 30. Mfundo isatsalire mkati. Podula muzizunguliza nsungwiyo pang'onopang'ono, kuyamba mwalemba kamzere ndi sowo kuzungulira konse kenako nkumazamitsa, chifukwa mukangodula mbali imodzi mpaka kutulukira, khungu la kumapeto limasadzuka ndipo mng'alu umayambira pomwepo. Ntchito ya sowo ndi mpeni agwire wamkulu, mwana agwirizire nsungwi.

Mukatero suzumirani mkati. Mumakhala tinsanza toyera tofewa, tichotseni pokulunga sandipepa pa kamtengo nkumapekesa mkatimo mpaka musalale see. Milomo yonse iwiri muipalenso kuti isacheke zala. Kumbali imene muzilowetsera chipolopolo mupale mkati mwake pang'ono ndi nsonga ya mpeni kuti pakamwa patakasuke ngati fanulo, zimathandiza kwambiri polowetsa pepala. Kenako mangani mphira wa chubu kumapeto konse kuwiri, zungulizani kanayi kapena kasanu mokoka ndithu, mphira umenewu ndi umene umaletsa nsungwi kung'aluka mpweya ukapanikizika.

Chokankhira, pomwe ambiri amalakwitsa

Chokankhira chili ndi mbali ziwiri, kamtengo kolowa mkati ndi chogwirira. Chogwirira mudule ku nsungwi yomweyo, kachidutswa ka masentimita 8 kapena 10 kokhala ndi mfundo kumapeto kumodzi, kuti kamtengo kakalowa kakatsamire pa mfundopo. Kamtengoko musemere ku nthambi youma ya bulugama kapena mung'ambe ku nsungwi yochindikala nkuisema kuti ikhale yobulungira. Kazilowa mu chubu momasuka osakhula m'mbali, koma kasakhale koonda ngati udzu ayi, kangathyoke. Mu chogwirira ndiye kalowe mothina, mukhomere, ngati kakugwedezeka ikani guluu wa matabwa kapena kulungani kansalu.

Tsopano mvetserani apa. Mukalowetsa chokankhira mpaka chogwirira chitagunda chubu, nsonga ya kamtengo isafike kumapeto, itsalire masentimita 2 kapena 3 mkati. Mwana wa mlongo wanga ankalimbikira kuti amalume chafupika ichi, tichite chachitali kuti chiponye patali, ndinamusiya ayese, zipolopolo zonse ziwiri za pepala zomwe timaika mu chubu, cha kutsogolo ndi cha kumbuyo, zinkangogwera pa mapazi ake opanda ngakhale kulira. Kamtengo sikaponya chipolopolo, koponya ndi mpweya, ndipo kadanga kotsala kaja nkomwe kamasunga chipolopolo chachiwiri kuti chikhale chotsekera kutsogolo pa ulendo wotsatira. Njira yosavuta yoyezera: yambani ndi kamtengo kotalikirapo, lowetsani, lembani ndi pensulo pomwe katulukira, kenako dulani masentimita 3 kumbuyo kwa chizindikirocho. Nsonga yake ikhale yafulati. Ena amaimenyamenya pamwala kuti itakasuke ngati mswachi, izi nzabwino chifukwa siboola pepala.

Zipolopolo

Ng'ambani nyuzi tizidutswa, viikani m'madzi kwa mphindi zingapo mpaka zifewe, finyani pang'ono nkuumba kampira kokulirapo pang'ono kuposa bowo. Kokulirapo ndithu, koti kalowe mochita kukakamiza, chifukwa kakalowa mosavuta ndiye kuti mpweya upeza podutsa. Ife kale tinkachita kutafuna mapepalawo koma ana anu musawalole, inki ya nyuzi si ya mkamwa, madzi alipo.

Koma kuno kwathu tili ndi mwayi wina, mbatatesi. Aliyense wodutsa pa Lizulu kapena pa Bembeke amadziwa milu ya kachewere imene imakhala m'mbali mwa msewu wa M1, ndipo pakhomo sipalephera kupezeka ziwiri zitatu zobiriwira kapena zomera zomwe amayi akana kuphika. Zimenezo ndi zomwe mutenge, osati za ndiwo. Dulani mabande ochindikala ngati chala, ikani bande pa thabwa, dindani ndi kamwa la chubu mozunguliza, kachidutswa kamatsalira mkati kokwana ndendende. Mbatatesi imatseka mpweya kuposa pepala chifukwa ili ndi madzi ake ndipo imaterera, kulira kwake kumamveka mpaka kuseri kwa nyumba. Pa paipi ya magetsi ija mungopala mlomo ndi sandipepa kuti uthwe pang'ono, imadinda bwino kuposa nsungwi.

Kuombera

Nyowetsani mkati mwa chubu kaye. Lowetsani chipolopolo choyamba, kankhani pang'onopang'ono mpaka chokankhira chitafika pothera, chipolopolocho chikakhala kutsogolo pa kadanga kaja. Tulutsani chokankhira. Ikani chachiwiri pakamwa, chilowetseni ndi chala kapena nsonga ya kamtengo masentimita 1 okha. Pano pakati pa ziwirizi patsekeredwa mpweya. Gwirani chubu ndi dzanja lamanzere pakatikati, zala zisakhale kutsogolo kwa bowo, lozani ku chandamale, ndiye menyani chogwirira ndi chikhatho kamodzi mwachangu. Pho! Choyamba chauluka, chachiwiri chatenga malo ake kutsogolo. Kuyambira apo muzingoika chimodzi chimodzi kumbuyo basi.

Mukakankha mozengereza sikalira, mpweya umapeza mpata wothawira m'mbali. Nthawi zina mukaombera bwino mumaona kautsi koyera pakamwa pa chubu, ana amakuwa kuti moto moto, koma si moto, ndi tinthunzi ta madzi, mpweya wopanikizika ukamasuka mwadzidzidzi umazizira ndipo chinyezi chimaoneka ngati nkhungu ya pa phiri la Dedza m'mawa wa July.

Nkhani ya mpweyayi ndi sayansi yeniyeni yomwe ana amakumana nayo ku sekondale. Robert Boyle anailemba mu 1662, kuti mpweya ukaupanikiza malo ake nkuchepa ndi theka, mphamvu yomwe ukukankhira makoma imawirikiza kawiri, bola kutentha kusasinthe. Ndiye pamene chokankhira chikuyenda, mpweya wa mu chubu chonse ukufinyikira malo ocheperachepera mpaka mphamvu yake ipose kugwira kwa chipolopolo cha kutsogolo, chimenecho nkufwamphuka. Pampu ya njinga ya akabaza imayendera nzeru yomweyi, jekeseni wa kuchipatala mukatseka kukamwa ndi chala nkukankha mumamva akukankhanso, ndi zomwezo. Mnyamata wanga nditamufotokozera atagwira chinthucho m'manja anamva msanga, anayamba yekha kufunsa kuti nanga chubu chikatalika bwanji, nanga bowo likakula bwanji, ndipo ine mtima unakhala pansi chifukwa mafunso amenewo ndi omwe ndinkafuna.

Kakakana kulira

Mukamva kuti fyuu m'malo mwa pho, mpweya ukudontha. Yambani ndi chipolopolo, mwina nchaching'ono kapena chauma. Ngati si icho tsekani kumapeto kumodzi ndi chala, viikani chubu mu ndowa ya madzi nkuuzira mbali inayo, pomwe patuluke thovu ndi pomwe pali mng'alu. Kamng'alu kakang'ono mphira umatseka, kakakulu dulani nsungwi ina musavutike. Ngati zipolopolo zonse ziwiri zikutuluka limodzi, kamtengo katalika, fupikitsani. Ngati kukankha kukuvuta mpaka kamtengo kupindika ndiye kuti mwaumba chachikulu kwambiri, chepetsani, musachite kutsamiritsa chogwirira pamimba kapena pachifuwa nkumakankha ndi thupi lonse, kamtengo kakathyoka kakhoza kukulasani.

Masewera athu tinaika zitini zopanda kanthu za tomato pa njerwa, tinalemba mzere pansi mapazi 6 kuchokera pamenepo, aliyense maulendo atatu, wogwetsa zambiri ndiye mfumu ya tsikulo. Atsikana awiri a pa nyumba yoyandikana nafe ndi amene anapambana, anyamata anachita kupempha kuti tibwereze.

Koma malamulo ndinawaika tisanayambe ndipo inunso muwaike, osanyengerera. Kamfutika ngakhale nkoseweretsa, kachidutswa ka mbatatesi kakamenya diso pafupi kakhoza kulivulaza. Ndiye palibe kuloza munthu, palibe kuloza nkhuku, galu kapena mbuzi, palibe kusuzumira mu chubu muli chipolopolo, ndipo onse aime kumbuyo kwa woombera. Mwala, mabo, msomali, timipira tachitsulo ta mu habu ya njinga, zonsezo zisayandikire. Wophwanya lamulo kamodzi amakhala pansi tsiku lonselo, ine ndinamukhazika mmodzi ndipo ena onse anamva.

China chomwe ndikupempha makolo anzanga, musakapake penti wakuda kapena kukasemera thabwa kuti kaoneke ngati mfuti yeniyeni. Masiku ano anthu ali ndi mantha ndi akuba, mwana woyenda chamadzulo ndi chinthu chooneka ngati mfuti akhoza kukumana ndi anthu oti safunsa kawiri. Kasiyeni kaoneke nsungwi momwemo, kapena mwana alembepo dzina lake ndi penti wofiira kapena wachikasu.

Mukamaliza kusewera tulutsani chipolopolo chotsalira kutsogolo chija ndi kawaya kapena kamtengo katali, chifukwa mbatatesi ikagonamo imaola nkununkha, pepala likaumiramo limalimba gwa ngati simenti. Tsukani chubu, kaimikeni pamthunzi kuti kakhe madzi, osati padzuwa kapena pafupi ndi mbaula, ndipo chokankhira musunge chili mkati mwa chubu kuti kamtengo kasapindike.