Mmene ndinathanirana ndi udzudzu pogona m'lole

Ntchito yonyamula usipa wouma imandigoneka m'lole kawirikawiri, ku Senga Bay kapena ku Chia, podikira kuti katundu akwane. Vuto linali udzudzu. Mu Novembala ukatseka magalasi thukuta limangoti kamukamu, ukatsegula udzudzu umalowa chigulu chifukwa umalondola mpweya umene timapuma. Koyilo ndinaikana. Utsi wake umabanikitsa pamalo pothina chonchija, komanso moto pafupi ndi siponji ya mpando ndi ngozi.

Chinandithandiza ndi neti yakale ya kunyumba. Ndinadula mbali zopanda mabowo, telala wa ku Kamuzu Road n'kundisokera matumba awiri akuluakulu. Thumbalo ndimaveka chitseko kuchokera pamwamba, n'kuchitseka kuti mphira wa m'mbali upane netiyo, kenako n'kutsitsa galasi. Kumunsi, mbali ya kunja, ndimapanikiza ndi maginito a masipika akutha, poti kampata ngakhale kolowa chala kokha udzudzu umakapeza.

Ndimachita izi dzuwa lisanalowe. Udzudzu wa malungo, Anopheles, umaluma usiku, ndiye ukachedwa umautsekera mkati wekha. Wobisala kunsi kwa mipando ndimaupopera mankhwala, ndikatero ndimatseka mphindi 15, n'kulola fungo lituluke ndisanalowe.

Poimika galimoto paponso pali nkhani. Pafupi ndi bango kapena minda ya mpunga ya ku Lifuwu ndinasiya kugonapo. Ndimasankha poyera, podutsa mphepo ya kunyanja, chifukwa udzudzu suuluka bwino pamphepo. Thupi likangotentha, ndimakayezetsa malungo tsiku lomwelo.