Momwe mungayambire maphunziro a MPH mukugwira ntchito yachipatala kuno ku Chipata

Kolera itabuka ku Vubwi mu Januwale 2023, anamwino anali kalikiliki kuika madiripu, koma panafunikanso munthu wolondola kumene odwalawo ankatunga madzi. Ntchito yachiwiriyi ndiyo imene mumaphunzira pa Master of Public Health, MPH mwachidule, digiri yachiwiri ya zaumoyo wa anthu onse.

Musanaganize za sukulu, tsegulani kaundula wa pachipatala panu. Yang'anani buku la sikelo ya amayi. Mwina muona kuti amayi a mudzi wina amayamba sikelo mimba itafika kale miyezi isanu ndi umodzi, kapena kuti malungo amakwera m'midzi yomweyomweyo dzinja lililonse. Lembani funso limodzi m'kope. Ine ndimaumirira pamenepa chifukwa ambiri amatha makalasi bwinobwino, n'kudzakakamira pa kafukufuku poti mutu wake anachita kubwereka kwa mnzawo. Funso lochokera m'kaundula wanu mumalidziwa mpaka kumizu, ndipo amfumu ndi odzipereka a m'mudzi amakudziwani kale.

Kenako sonkhanitsani mapepala. Pamafunika digiri yoyamba, choncho wa dipuloma ayambe wakweza kaye. Laisensi yanu ya HPCZ (Health Professions Council of Zambia, bungwe lolembetsa ogwira ntchito zachipatala), kapena ya Nursing and Midwifery Council of Zambia ngati ndinu namwino kapena mzamba, ikhale yosatha nthawi. Digiri yakunja ipite ku ZAQA, bungwe lotsimikiza mapepala a maphunziro, akaitsimikize.

Posankha sukulu, UNZA ili ndi School of Public Health ku Ridgeway, pafupi ndi UTH, ndipo University of Lusaka nayonso imaphunzitsa MPH. Kulikonse kumene mwasankha, funsani ngati Higher Education Authority, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, ikuvomereza pulogalamuyo musanalipire ngakhale ngwee. Ku Lusaka n'kutali, makilomita oposa 550 pa Great East Road, ndiye ndalama za basi ndi malo ogona pa nthawi ya mayeso muziwerengeretu pamodzi ndi fizi.

Ngati muli pa ntchito ya boma, kalata yopempha tchuthi cha maphunziro idutse kwa mkulu wa pachipatala panu, ku ofesi ya zaumoyo ya boma lanu, kenako kuchigawo. Itumizeni msanga, makalata amenewa sathamanga.

Podikira yankho, yambani kuzolowera masamu. Biostatistics (masamu a zaumoyo) ndi epidemiology (phunziro la kafalikidwe ka matenda) ndi zimene zimatulutsa anthu thukuta. Khalani pafupi ndi amene amalowetsa malipoti mu DHIS2, pulogalamu ya pakompyuta yosunga malipoti a zipatala, muphunzire kuwerenga manambala a boma lanu.

Nthawi ya kafukufuku ikakwana, musafunse wodwala aliyense komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa, monga UNZABREC, ndi National Health Research Authority, bungwe loyang'anira kafukufuku wa zaumoyo, asanavomereze. Zikalata ziwirizo zikhale m'chikwama pamene mukukapempha chilolezo ku ofesi ya chigawo.